Uthenga wa Asiyatu, Magetsi Atazima

Azimanso, kachitatu lero.
Geti la Che Mbwana lagona pansi, theka lowotcherera,
Twaibu wakhalira jenereta yakufa
akutong'ola chimanga chootcha ndi chala chachikulu.

Ndiye ndatsegulanso mawu a Asiyatu pafoni,
mphindi zinayi zathunthu,
ochokera kudziko lovala majekete awiri.

Akuti: Ababa, kuwala kuja
munkandiletsa kuyang'ana ndili mwana,
kwa pakati pa rodi ndi chitsulo,
dzina lake ndi plazima.
Ndi mpweya wopsa mpaka tizidutswa take tavula malaya.
Kuno timauweta m'chimakina chonga chubu cha tayala,
wotentha kuposa pakati pa dzuwa,
khola lake ndi maginito,
pakuti ukakhudza khoma, khoma limapsa,
iwonso n'kuzizira.

Ndaimitsa kaye pamenepo.
Zaka makumi atatu ndagwira nyenyezi ndi dzanja limodzi
n'kumalipiritsa mtengo wa felemu la chitseko.

Akuti motowo sukhala phee.
Mumabadwa akamvuluvulu osaoneka,
onga aja a mu Okutobala pabwalo la mpira kwa Mponda,
onyamula majumbo ndi fumbi la pakati
kukazitaya kumpanda.
Aliyense amaba kutentha pang'ono,
kuponyera mnzake, mnzakeyo kuponyera wina,
ngati anyamata otsitsa njerwa pa lole,
mpaka pakati pazirala.

Apa anaseka, kuseka kwa malemu mayi ake.

Haidirojeni, akuti, ali ndi abale a bere limodzi,
nkhope imodzi, koma pa sikelo n'ngosiyana:
dyuteriyamu alemera kawiri, tiritiyamu katatu.
Masamu oyamba ankati wolemera amakhotera patali
ngati lole ya simenti pa raundabauti,
pamene wopepuka atembenukira pomwepo ngati wakabaza,
choncho wolemerayo ayenera kumwaza moto msanga.
Koma tikayatsa makina, Ababa,
kawirikawiri wolemerayo ndiye amasunga.

Chifukwa chake? Tikadakanganabe.
Ena akuti m'motomo mumadzuka mitsinje,
wina kuthamanga, woyandikana nawo kuchedwa,
ndipo kamvuluvulu akagwera pakati pawo
amakokedwa, n'kung'ambika
asanafikitse katundu wakubayo kunja.
Mwina kwa wolemera mitsinjeyo imalimba.
Mwina. Ndi zimene zikundigonetsa mochedwa.

Masana ndinasiya Twaibu pashedi
ndikupita pamlatho, dzuwa lili paliwombo.
Ndinayedzamira chitsulo, chowotcherera wina wosadziwa ntchito,
ndikuyang'ana Shire kuseri kwa chipilala.
Timadzi tinkazungulira, titagwira phesi ndi botolo,
mkokomo wapakati n'kudzatitambasula ngati mphira,
tsoo, tatha,
kwina kwabadwa kale ena.
Wamalonda a mandasi anandifunsa ngati ndagwetsa foni.

Ndinamuyankha mwana wanga madzulo:
Zimenezo ndimazidziwa ine.
Lata limazizira usanatsokomole,
koma chitsulo chochindikala chimasunga mkwiyo.
Funsa chikhatho cha Twaibu.

Iye: Si zomwezo, Ababa, n'zosiyana kwambiri.
Kenaka, patapita nthawi:
koma ndiuza anzanga mawa.

Ndinafunsanso funso lenilenilo,
la munthu amene ali ndi geti la eni pansi
ndi ngongole ya marodi kwa mmwenye:
dzuwa lanu la m'chubulo
lidzafika liti pa waya wa kuno?
Foni inaonetsa kuti akulemba.
Inasiya. Inaonetsanso.
Pomaliza panabwera mawu atatu okha:
Mwina adzukulu anu.

Chigayo cha kuseri chabangula. Abwera.
Twaibu wataya chitsononkho, wakoka chingwe.
Ndatsitsa chigoba kumaso,
ndagogoda rodi kamodzi, kawiri,
kwabuka.

Kuseri kwa galasi lakuda ndimayenera kuyang'ana msoko.
Lero maso akuthawira pamotopo,
kakang'ono ngati njere ya mpunga,
kosakhazikika, konjenjemera m'mbali,
ndipo msoko wanga wakhota pang'ono.
Che Mbwana sadzaona.